Kachizindikiro ka m'dzina la Ng'ambi

Lolemba m'mawa mayi a ku akaunti anandiimbira foni. "Achimwene, alimi amene tinawalemba Lachisanu sakukwana mu database." Ndinatsegula log (fayilo yolembamo zimene zachitika) ya script yathu, pulogalamu yaing'ono imene cron (chida choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) imayendetsa usiku uliwonse kuti ithire mayina mu database yathu ya PostgreSQL kudzera pa psql, pulogalamu yotumizira malamulo ku database. Munalibe dandaulo lililonse, exit code (nambala imene pulogalamu imabweza ikamaliza) inali 0, kusonyeza ngati zonse zayenda bwino. Ndinawayankha kuti mwina olemba a kumidzi sanatumize mayina onse. Ndinawanamizira anthu osalakwa.

Lachiwiri ndinazindikira kuti log inkasunga stdout yokha, njira yotulukira mauthenga wamba, pamene psql imalemba zolakwika ku njira ina, stderr. Nditawonjezera 2>&1 kuti zolakwika nazo zizilowa mu log, Lachitatu uthenga unaonekera: syntax error at or near "ambi".

Mlimi wake anali a Ng'ambi. Mu SQL, chinenero cholamulira database, mawu amatsekeredwa pakati pa tizizindikiro tiwiri ta ', ndiye psql itafika pa 'Ng' inkaona ngati dzina lathera pomwepo. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sanatayike a Ng'ambi okha. Kuchokera pamenepo zotsegula zinasanduka zotseka, semicolon ya kumapeto kwa mzere inamezedwa, ndipo mizere yonse yotsatira inamatirirana kukhala lamulo limodzi lalitali lopanda mutu, mpaka pa a Ng'oma, pamene kachizindikiro kena kanabwezera zinthu m'malo. Onse a pakatipo sanalowe. Ndipo psql, ukapanda kuiuza, imangopitirira n'kumaliza ngati palibe chachitika.

Lachinayi ndinaika -v ON_ERROR_STOP=1 kuti iziima pa cholakwika choyamba n'kubweza exit code 3 m'malo mwa 0, komanso --single-transaction kuti mayina azilowa onse kapena asalowe n'limodzi lomwe. Malamulo a INSERT othirira mayina, amene tinkawalumikiza pamanja, ndinawachotsa. Tsopano \copy ya psql ikuwerenga mwachindunji fayilo ya CSV (mndandanda wa mayinawo), ndipo kachizindikiro kaja sikaisokoneza.

Mnzanga wina anati bwanji tingofufuta tizizindikiroti m'mayina onse, nkhani ithe. Ndinakana. Ng'ambi si Ngambi, pakamwa pomwe zimamveka mosiyana, ndipo dzina likasiyana ndi la pa chiphaso, munthu amabwezedwa pa tsiku lolandira ndalama atayenda mtunda wautali.

Lachisanu ndinathiranso mayina otsala aja, n'kuwerengera limodzi ndi mayi a ku akaunti mpaka anakwana. Kenaka ndinaimbira olemba a kumidzi kuwapepesa.