Tsiku limene ndinaondetsa mwana m'buku

Mayi a kunyumba anabinya mwendo kumjigo Lachitatu madzulo, pamene Lachinayi linali tsiku la sikelo. Mwana wathu wamng'ono, Mphatso, anali atangokwanitsa miyezi 9, nthawi ya katemera woyamba wa chikuku. Ali gone pamphasa anandilangiza kuti, "Bambo a Chisomo, buku lili m'jumbo yapamsomali. Mulawire, mzere umatalika." M'jumbomo munali mabuku awiri, onse okutidwa ndi pepala la kalendala yachaka chatha. Buku la mwana wamwamuna ndi la wamkazi amasiyana, chifukwa mizere ya kakulidwe kawo siyofanana, koma kalendala inabisa zonsezo. Ndinasolola limene dzanja linafikira.

Kubereka mwana kumbuyo kunandikanika, chitenje chinkangotsetserekera m'chiuno, ndiye ndinamunyamula paphewa ngati thumba la fetereza. Kusikelo ndinapeza amayi oposa makumi anayi akuimba ndi kuomba m'manja, mwamuna ndili ndekha. Mlangizi wa zaumoyo atandiona anati, "Abambo abwera, awa ndiye chitsanzo, ayambe ndi iwo." Amayi anaimba nthungululu. Ndinayenda chokweza mapewa mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene anapachika sikelo.

Kuyeza mwana kuli ndi mwambo wake, umene ine sindinkaudziwa. Kabudula wa sikelo amamukoleka kaye wopanda mwana, n'kubweza muvi pa ziro, kuti kulemera kwa nsalu kusawerengedwe. Mwana amamuvula nsapato, juzi, chipewa ndi thewera ngati lanyowa. Ine ndinali nditamuveka Mphatso ngati tikupita ku Dedza mwezi wa June, moti kumuvula kokha kunatenga nthawi yoti ana awiri akanayezedwa. Atamupachika anayamba kupalasa miyendo, muvi nawo n'kumavina. Woyeza anadikira kuti ukhazikike, anawerenga maso ali molunjika ndi nambala, n'kufuula kuti, "8.7!"

Buku linali litapita kale pa tebulo, kwa mayi wina wolemba amene sankadzutsa mutu. Mwanayo anali atamulandira gogo wina kuti amuveke, poona kuti ine ndalowetsa mwendo mobowola dzanja. Wolemba uja anaitana, "Chisomo!" Ine n'kuyankha, "Wawa!" Zaka zitatu anthu akunditchula bambo a Chisomo, dzinalo ndimaliyankha ndi kutulo komwe.

Cholembera chinaima m'malere. Anayang'ana kadontho ka mwezi watha, 13.6, n'kuyang'ana kamene anangolemba kumene, kali pansi penipeni pa mzere wotsiriza. M'buku la sikelo chimene amaona kwambiri ndi kumene mzere ukulowera. Ukamakwera ndiye kuti mwana akukula, ukagona miyezi iwiri kapena itatu amafunsa za chakudya ndi matenda, ukatsika pamakhala nkhani. Wanga unagwa ngati mwala woponyedwa m'chitsime.

"Bambo, mwanayu wadwala mwezi uno? Kutsegula m'mimba, malungo, chifuwa?"

"Ayi, ali bwinobwino."

"Mukumudyetsa chiyani?"

"Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nthochi yokanya, koma kwambiri akuyamwa."

Kumbuyo kwanga wina anati, "Hii!" Wolembayo anapitiriza mofatsa, ngati akulankhula ndi munthu wobalalika mutu. "Akuyenda?" Ndinayankha monyadira kuti wayamba kukwawa sabata yatha, ndipo akagwira mpando amayesa kuima. "Akulankhula?" Ndinati amanena ba-ba-ba, zomwe ine ndimamva kuti akuitana ine. Pa mwana wa miyezi 9 mayankho amenewa ndi okhoza onse: kukhala yekha kumayamba cha pa miyezi 6, kukwawa kumatsatira, kuyenda kumabwera chaka chikamakwana, ndipo amadandaula ngati wafika miyezi 18 asanaponye phazi. Koma buku limene linali pa tebulo linali la munthu wa zaka zitatu, woyenera kumathamanga, kudya yekha ndi kufunsa mafunso osatha. Amayi aja amene anandiimbira nthungululu anayamba kundiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Anaitana mlangizi uja, nkhani ya chiponde ndi kugonekedwa kuchipatala itayamba kale kumveka. Iye sanafunse zambiri. Anatulutsa kalamba koyezera mkono, anapeza pakatikati pa phewa ndi chigongono cha dzanja lamanzere, n'kukulunga osathinitsa. Kalambako kali ndi mitundu itatu: kufiira ndi pansi pa masentimita 11.5, kunyentchera koopsa. Chikasu ndi kuchokera 11.5 kufika 12.5, kupitirira apo ndi kobiriwira. Mphatso anali pa 14.6. Kenaka anadina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu kwa masekondi atatu, kuona ngati patsale dzenje, chizindikiro cha kutupikana. Panalibe. Anamugwira pamutu n'kupeza liwombo likugunda, pamene limayenera kukhala litatsekeka mwana asanafike zaka ziwiri. Anamutsegula kukamwa: mano anayi. Wa zaka zitatu amakhala nawo 20.

Anasenda pang'ono kalendala ija pachikuto.

"Achimwene, Chisomo ndi mtsikana?"

"Eya."

"Nanga uyu?"

Gogo uja, amene anali asanamalize kumanga thewera, anayankha m'malo mwanga kuti umboni wauona yekha. Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunadzutsa makanda onse ogona.

Ndinapempha kuti angomubaya, polemba tidzalemba mwezi wamawa. Anakana. Buku ndi limene limasonyeza ngati analandira BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, pobadwa, ndi ngati anamaliza akatemera a pa masabata 6, 10 ndi 14, komanso tsiku limene anamwa vitamini A, amene amaperekedwa miyezi 6 iliyonse kuyambira mwana ali ndi miyezi 6. Popanda buku akhoza kumubwereza kapena kumudumphitsa. Anandichenjezanso kuti botolo la katemera wa chikuku likasungunulidwa limagwira ntchito maola 6 okha, ndipo limagawidwa kwa ana angapo, choncho ndikachedwa ndipeza latha.

Ndinasiya mwana m'manja mwa gogo uja n'kukwera kabaza. Pakhomo ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pakhonde, mwendo uli pampando, buku la Mphatso lili m'manja atalikweza m'mwamba. Sananene kanthu. Ndinalitenga ngati ndikulandira chikalata cha kukhoti.

Pobwerera, ulemu wa abambo unali utatha, ndinaima kumapeto kwa mzere. Mphatso anamuyezanso, 8.7 yomweyo, ndipo m'buku lake kadontho kanakwera bwino kuchokera pa 8.4. Analandira jakisoni wake, anandiuza kuti thupi likhoza kutentha pang'ono patapita masiku angapo, ndi kuti wachiwiri wa chikuku ndi pa miyezi 15. Tsikulo analilemba m'buku, n'kulilembanso pa kapepala kapadera kuti ndiike m'thumba la malaya.

M'buku la Chisomo 8.7 uja anamukhwatcha ndi mizere iwiri, pambali n'kulemba mawu ofiira akuti "bambo". Mwezi wotsatira mayi ake anapita naye okha, ndipo akuti wolemba uja atangotsegula tsambalo anafunsa ngati ndili bwino.