Mafunso asanu a Chingerezi ndi ana anga a Loweruka ku Fortaleza

Loweruka lililonse ndimakwera basi m'mamawa kupita kudera lina la kumalekezero a mzinda wa Fortaleza, kumene tili ndi kalasi m'chipinda chimene tchalitchi china chinatibwereka. Kuno kalasi yotere amaitcha cursinho, sukulu yokonzekeretsa achinyamata mayeso olowera kuyunivesite. Zilipo zina zodula, za mipando yofewa ndi makina oziziritsa mpweya. Yathu ndi yaulere, ndipo aphunzitsi tonse timangodzipereka. Ine gawo langa ndi Chingerezi. Fani wathu amalira ngati chigayo, ndiye ndimaphunzitsa mokuwa mpaka mawu kusasa.

Mwina mukudabwa kuti mwana wa ku Angónia wafika bwanji pophunzitsa Chingerezi ana a ku Brazil. Nkhani yake ndi ya malire. Kwathu ndi kufupi ndi Ulongwe, m'chigawo cha Tete, koma pulayimale ndinaphunzira kwa azakhali ku Dedza, kungodutsa pa Calómuè. M'masiku athu, ukafika Sitandade 5 maphunziro onse ankasanduka a m'Chingerezi, ndipo unkasambira kapena kumira. Sekondale ndinabwerera kwathu, n'kupitiriza m'Chipwitikizi. Choncho pamene ndinkabwera ku Ceará, chigawo chimene muli Fortaleza, kudzaphunzira ku UNILAB, yunivesite imene inakhazikitsidwa mu 2010 m'tawuni ya Redenção kuti izilandira ophunzira a m'mayiko olankhula Chipwitikizi, ndinali ndi zilankhulo zitatu m'thumba. Anzanga a kuno ankaona Chingerezi changa ngati chuma. Nanenso ndinkadzimva, mpaka tsiku limene ndinayesa mayeso awo.

Mayeso ake dzina lake ENEM. Anayamba mu 1998, ndipo amayendetsa ndi bungwe la boma lotchedwa INEP. Poyamba ankangoyeza mmene ana otsiriza sekondale aphunzirira, koma kuchokera mu 2009 anasanduka khomo lalikulu lolowera kuyunivesite. Malikisi ako ndiwo umapikisana nawo pa Sisu kuti upeze malo m'mayunivesite aboma, amene salipiritsa fizi, kapena pa ProUni kuti upeze thandizo m'mayunivesite olipira. Amalemba Lamlungu awiri otsatizana mu Novembala. Mafunso onse ndi 180, lililonse lili ndi mayankho asanu oti usankhepo limodzi, kuphatikizapo chimangirizo chimene amachitcha redação. Pa mafunso 180 amenewo, a chilankhulo chachilendo ndi asanu okha. Asanu basi, oyambirira enieni a tsiku loyamba, ndipo umasankha wekha polembetsa ngati ukufuna Chingerezi kapena Chisipanishi.

Nditamva kuti ndi asanu ndinaseka. Ndinatenga pepala la chaka china, popeza INEP imaika mapepala akale ndi mayankho ake pa intaneti kwaulere, n'kukhala pansi ndi kapu ya khofi. Mphindi khumi zisanathe ndinali nditamaliza. Kuyang'ana mayankho, ndakhoza atatu. Ine amene ndinkawerengera kalasi yonse ndime ku Dedza! Ndinabwereza kuyang'ana poganiza kuti mwina ndatenga mayankho a kabuku ka mtundu wina, chifukwa timabuku ta mayeso timakhala ta mitundu yosiyana ndipo mafunso amawasinthanitsa malo. Ayi, ndinali nditalakwadi.

Chimene chinandigwetsa ndi ichi. Nkhani yowerenga imakhala m'Chingerezi, koma funso ndi mayankho onse asanu zimakhala m'Chipwitikizi. Chipwitikizi chakenso si cha pamsika. Ndi cha anthu ophunzira, chodzaza ndi mawu otanthauza kudzudzula, kutsindika, kunyodola, kukayikira, kulimbikitsa. Funso limodzi linali la kachithunzi koseketsa. Mawu onse a Chingerezi ndinawamva bwinobwino, koma sindinaone kuti wojambulayo akunena chinthu mokhota, kutamanda pakamwa pamene akunyoza. Funso linalo, mayankho awiri ankanena zoona zokhazokha za m'nkhaniyo, koma limodzi linkanena kachidutswa chabe pamene funso linkafuna cholinga cha nkhani yonse. Ndinathamangira limene linali ndi mawu ofanana ndi a m'ndime. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira tsiku limenelo ndimauza ana anga kuti theka la mayeso a Chingerezi ndi Chipwitikizi. Samandikhulupirira. Amabwera ndi makope odzaza mindandanda ya mawu, mazana ndi mazana, aloweza ngati katekisimu. Ndipo mndandanda umene amaukonda kwambiri ndi wa mawu onyenga, aja ooneka ngati a Chipwitikizi koma tanthauzo lili kwina.

Sindingakane, mawu amenewa ndi osangalatsa kuphunzitsa. Mawu akuti pretend m'Chingerezi ndi kunamizira, pamene pretender m'Chipwitikizi ndi kufuna kuchita chinthu. Parents ndi makolo, koma parentes ndi achibale onse, mpaka asuweni. Library ndi kobwereka mabuku, livraria ndi kogula mabuku. Lunch ndi nkhomaliro yeniyeni, lanche ndi kakamba kongotolera. Fabric ndi nsalu, fábrica ndi fakitale. Umene umaseketsa kalasi yonse ndi push. Mawuwa amamveka ngati puxe, kutanthauza koka, ndiye munthu wa ku Brazil akafika pachitseko cholembedwa push amakoka ndi mphamvu zake zonse, chitseko osatseguka. Tsiku lina ndinachita sewero limeneli pachitseko cha kalasi yathu, mpaka chogwirira chinatsala m'manja mwanga. Ndinakonzetsa ndi ndalama zanga.

Koma kunena zoona, pa mapepala akale amene ndadutsamo ndi anawa, si kawirikawiri mawu onyenga kukhala amene awagwetsa. Mwana wolankhula Chipwitikizi ali ndi mwayi umene ife ku Dedza tinalibe. Mawu aatali a Chingerezi, amene ife ankatitulutsa thukuta, ambiri anachokera ku Chilatini, ndipo kwa iye ndi achibale: information, government, population, responsibility. Akangowaona wawadziwa kale. Amene amamusokoneza ndi timawu tatifupi, tosaoneka ngati kanthu. Though, through, thought, tough. Ndikalemba anayiwa pabolodi, kalasi imati zii.

Pali chiganizo chimene ndinapeka ndekha, ndipo ndimachigwiritsa ntchito chaka chilichonse pa tsiku loyamba: "Although the new law was meant to protect workers, few of them actually benefited." Ndimawapatsa mphindi imodzi, kenako ndimafunsa kuti lamulolo linathandiza antchito kapena ayi. Pafupifupi onse amati linathandiza. Aona protect, aona benefited, mawu amene ali ndi abale awo m'Chipwitikizi, ndipo alumikiza okha nkhani yokoma. Although amulumpha, few amulumpha, was meant to amulumpha. Chonsecho mawu atatu amenewa ndiwo anyamula nkhani yonse: lamulo linali ndi cholinga chabwino, koma amene anapindula ndi ochepa kwambiri. Actually ena amamumva ngati atualmente, kutanthauza masiku ano, koma ngakhale utaphonya ameneyo yankho ulipezabe. Ukaphonya few, watha.

Ndiye miyezi iwiri yoyambirira timakhala pa timawu timeneti. But, however, yet, despite, unless, whereas, rather than. Ndimawauza kuti awazungulize ndi cholembera asanayambe kuganiza za china chilichonse, chifukwa pamene pali timawuti ndi pamene mlembi wakhotera. Kusiyana kwa few ndi a few timathera tsiku lonse. Kalembo kamodzi, koma kwina akuti pafupifupi palibe, kwina akuti alipo ndithu angapo.

M'kalasi mwathu muli mtsikana wina amene m'mamawa amathandiza mayi ake kugulitsa tapioca, chakudya cha ufa wa chinangwa, pamalo okwerera basi, ndipo amafika manja akununkhira kokonati. Akufuna unamwino. Tsiku lina tinkawerenga ndime ya bambo wina, ndipo munali mawu akuti "he hardly works". Ndinamufunsa kuti bamboyo ndi wotani.

"Ndi wolimbikira, aphunzitsi," anatero mosakayika. "Hard ndi kulimba."

Ndinamuuza kuti bamboyo ndi waulesi, ntchito sagwira n'komwe. Anandiyang'ana ngati ndamunamiza.

"Aphunzitsi, ndiye Azungu amenewa akufuna chiyani kwa ife?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, inenso. Koma sabata yotsatira anabwera ndi tsamba lonse la ziganizo zimene anasaka yekha pafoni, zonse za hardly, barely ndi seldom, ndipo wakhala akuthandiza anzake pa mawu amenewa kuposa ine.

Nkhani ya Chisipanishi ndiye imandivuta chaka chilichonse nthawi yolembetsa ikafika. Ana ambiri amene ndakumana nawo amafuna kuthawira kumeneko poti chimafanana ndi Chipwitikizi. Ndimawafunsa kuti Chisipanishicho anachiphunzira kuti. Yankho limakhala lakuti sanaphunzirepo. Chingerezi, ngakhale amati sachidziwa, akhala nacho m'kalasi kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi cha sukulu, ndipo lamulo la mu 2017 linachipanga kukhala chokakamiza kuyambira pamenepo. Akumana nacho m'nyimbo, m'masewera a pafoni, pa Instagram. Chisipanishi chimakupatsa mtima woti wamva zonse, ndipo munthu woganiza kuti wamva zonse sabwereza kuwerenga. Sindikakamiza aliyense. Ndimangowapatsa mafunso a chaka chimodzi a zilankhulo zonse ziwiri, alembe, adzichongere okha, asankhe. Ena amasankhabe Chisipanishi ndipo amakhala ndi zifukwa zomveka. Chimene ndimawachenjeza onse ndi chakuti m'kabuku ka mayeso mafunso a zilankhulo ziwirizi amakhala motsatizana, onse ndi manambala 1 mpaka 5, ndiye munthu wamantha akhoza kuyankha a chilankhulo chimene sanasankhe.

Za nthawi timawerengera limodzi pabolodi. Tsiku loyamba ndi maola asanu ndi theka, mafunso 90 ndi redação. Ukapatula ola limodzi la chimangirizo, funso lililonse limatsala ndi mphindi pafupifupi zitatu. Chingerezi chonse ndi mphindi 15. Palibe nthawi yomasulira liwu ndi liwu. Ndimawaphunzitsa kuyamba ndi funso, kenako kuyang'ana pansi pa ndime pamene alemba kumene nkhaniyo yachokera, chifukwa kudziwa kuti ndi ndakatulo, chilengezo chamalonda kapena nkhani ya m'nyuzipepala kumakuuza kale zoyembekezera. Pambuyo pake ndi pamene awerenge ndimeyo.

Pali chinanso chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. ENEM sichonga mongowerenga mayankho okhoza. Amagwiritsa ntchito njira yotchedwa TRI, imene imayang'ana ngati kukhoza kwako kukugwirizana. Ukakhoza funso lovuta koma n'kulakwa osavuta, njirayi imaona ngati wangolotera, ndipo funso lovutalo silikupatsa malikisi ambiri. Choncho mwana amene amadumpha mafunso a Chingerezi poti ndi asanu okha, n'kudzawalotera kumapeto, akhoza kutaya osavuta amene akanamulimbitsira malikisi a gawo lonse la zilankhulo. Kusiya osayankha ndiye ayi, poti yankho lolakwa silichotsetsa malikisi kuposa malo opanda kanthu.

Si mayunivesite onse amadalira ENEM yokha. USP ya ku São Paulo ili ndi mayeso ake a FUVEST, Unicamp ilinso ndi ake, ndipo kuno kwathu ku Ceará yunivesite ya UECE imalembetsa mayeso olowera akeake otchedwa vestibular. Ya UECE imafunsa mafunso m'Chingerezi momwemo, ndipo galamala imabwera poyera. Ana anga amene akufuna kuyesa kumeneko ndimatsala nawo theka la ola ena akapita, n'kumachita nawo zimene aphunzitsi anga a ku Dedza ankachita nafe, kutembenuza ziganizo uku ndi uku mpaka mutu kuwawa. Pamenepo ndiye ndimakhala ngati nsomba m'madzi.

Amayi ndikawaimbira pa WhatsApp amafunsa funso lomwelomwelo.

"Iwe, unapita kukaphunzira kapena kukaphunzitsa?"

"Zonse, amayi."

"Nanga amakulipira?"

"Ayi, amayi. Koma tapioca ndimadya yaulere."

Amangoti hmm, n'kusintha nkhani kuyamba za mbatata ya kachewere ndi mtengo wa feteleza.

Kwatsala milungu isanu ndi umodzi kuti Novembala afike. Ndayamba kale kuwakumbutsa za cholembera chakuda cha thupi loonekera m'kati, chifukwa china sichiloledwa, ndiponso kuti mageti amatsekedwa 1 koloko masana pa nthawi ya ku Brasília, ndipo ukachedwa ndi mphindi imodzi udikira chaka chamawa. Loweruka likubwerali tili ndi tizithunzi toseketsa khumi ndi tiwiri, tofanana ndi kamene kanandigwetsa ine kaja. Ndasankha tonse tonena mokhota. Mtsikana wa tapioca uja wandiuza kale kuti akhoza tonse, ndipo tagwirizana kuti akatero ndimuphunzitsa kupereka moni m'Chichewa mpaka kuyankha kwake.