Masiku 6 ku Sheppard, pakati pa oyendetsa ndege obwerekedwa

Tinatera ku Dallas masana tilipo anthu 8, oyendetsa ndege 6, mkulu wa amakaniko mmodzi ndi a Meja amene ankatsogolera ulendowu. Basi inayenda nafe maola opitirira awiri kulowera kumpoto chakumadzulo mpaka ku Wichita Falls, komwe kuli Sheppard Air Force Base. Anatituma kuti tikaone mmene amakhalira msilikali amene dziko lake lamubwereketsa ku gulu lankhondo la dziko lina, kuti tikabwerako tidzanene ngati n'kwanzeru kuti nafenso tizipereka mayina.

Malowa anasankhidwa bwino. Kuyambira 1981 mayiko a NATO amaphunzitsira limodzi oyendetsa ndege zankhondo kumeneko mu pulogalamu ya ENJJPT, ndipo pano mayikowo alipo 14. Wophunzira amayambira pa T-6A Texan II ya pulopela, akakhwima n'kupita pa jeti ya T-38C Talon. Mphunzitsi wa ku Italy amatha kuuluka ndi mnyamata wa ku Norway m'mawa, masana n'kutenga wa ku America.

Tsiku lachiwiri anatilowetsa mu simulator, makina oyeserera kuulutsa ndege uli pansi, ndipo ine ndi amene ndinayamba kuchita manyazi. Pa wailesi anandipatsa nambala yoti nditchere pa altimeter, chida choonetsa kutalika kumene ndege yakwera, 29.92. Dzanja linangouma. Moyo wanga wonse ndawerengera mphamvu ya mpweya mu ma hectopascal, momwe muyeso womwewo ndi 1013, pamene Amereka amawerengera mu mainchesi. M'kalasi ndinaphunzira zimenezi, inde, koma chala sichinaphunzire. Mphunzitsi wa ku Germany amene anali pambali panga anaseka, nati nayenso zinamuchitikira atangofika, ndipo miyezi yoyambirira munthu amabwerera ku ukhanda ngakhale ataulukapo zaka zingati kwawo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi debrief, kukambirana kumene kumachitika ndege zikatera. Kaputeni wina wachinyamata anaimitsa kanema wa ulendo wawo n'kuuza msilikali womuposa nyota, pamaso pa tonse, kuti anachedwa kukhota. Bwanayo sanakwinye nkhope. Anatenga cholembera n'kulemba. M'chipinda chimenecho nyota amazisiya pakhomo, ndipo zimenezi sungazimvetse pongowerenga. Ndinacheukira a Meja athu, ndinapeza akuyang'ana nsapato zawo.

Zowawa zake tinazimva madzulo, titakhala ndi aphunzitsi atatu obwera kuchokera ku Ulaya, mabwana atachoka. Ntchito yosinthana asilikali nthawi zambiri imatenga zaka 2 kapena 3. Malipiro amachokera kwanu, yunifomu ndi ya kwanu, kukwezedwa pa udindo kumaganiziridwanso kwanu, koma amene amakuona ukugwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi mkulu wa dziko lina. Mmodzi anati vuto limayambira pa lipoti la pachaka. Magulu ena ankhondo amalemba moyamikira mokokomeza, ena amaumira mawu, moti "wagwira bwino" wa uku amawerengedwa ngati "wangoyesako" kwina. Komiti yokweza maudindo ikakhala pansi, anzako amene anatsala amakhala atatsogolerapo kagulu ka ndege pamaso pa mabwana omwewo, pamene iwe uli chabe dzina la pa pepala.

Wina, amene anakhalapo mu sikwadironi (kagulu ka ndege) yomenya nkhondo m'dziko la eni asanabwere ku Sheppard, anatiuza za zikalata za Amereka zodindidwa kuti NOFORN, zoletsedwa kwa mlendo aliyense. Anthu amene mwauluka nawo phiko ndi phiko m'mawa amakupempha mwaulemu kuti utuluke kaye. Ndipo sikwadironi ikatumizidwa ku nkhondo, iwe supita mpaka boma la kwanu litavomera. A Meja titawafotokozera m'mawa mwake anangoti walira mvula walira matope.

Komabe mayina a anthu amene njirayi inawakweza ndi odziwika, ndipo tinawatchula usiku umenewo. Robin Olds wa ku America anapita ku RAF, gulu la ndege zankhondo la ku Britain, mu 1948, n'kufika potsogolera No. 1 Squadron ku Tangmere akuulutsa Gloster Meteor. Chris Hadfield wa ku Canada anayesa ndege ndi U.S. Navy ku Patuxent River, ndipo mu 2013 anali mkulu wa International Space Station, siteshoni ya mumlengalenga. Koma nkhani imene ine ndinaigwira ndi ya Tim Peake wa ku Britain. Anaulutsa helikopita za Apache ku Fort Hood, ku Texas komweko, kuyambira 1999 mpaka 2002, ndipo anabwerera ku Britain nthawi imene asilikali a dziko lake ankayamba kulandira ma Apache awo. Anafika ndi luso limene linkasowa, nakhala mphunzitsi. Royal Navy, gulu lankhondo la pamadzi la ku Britain, inachita zofanana mwadala. Ndege zake za Harrier zitasiya kuuluka mu 2010, inatumiza anthu ake kukaulutsa F/A-18 pa sitima za Amereka kuti luso lotera pa sitima lisafe, podikira sitima yake yatsopano ya HMS Queen Elizabeth, imene ndege ya F-35B inateramo koyamba mu 2018. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma onsewa anapeza tsitsi likuwadikira.

Ndinakumbukira mkulu wina amene ndinayamba naye ntchito. Anapita kunja zaka 3, n'kubwera akudziwa ndege imene ife tilibe ndipo sitikuganiza zogula. Anamupatsa desiki. Anzake a chaka chimodzi anamudutsa, ndipo pano akuulutsa ndege za anthu wamba. Palibe amene anamuda, kungoti palibenso amene anaganizapo za tsiku lake lobwerera.

Masiku otsalawo tinaona makalasi, mahanga ndi nyumba za mabanja. Mkulu wa amakaniko anadzaza kope lonse.

Pobwerera ku Dallas, a Meja anatembenuka pampando n'kufunsa amene angapereke dzina mwayi utapezeka. Manja anayi anakwera. Langa linatsala pa bondo.

"Nanga inu, Kaputeni?"

"Ndipita, bwana. Koma mundilembere kaye ntchito imene ndidzaipeze ndikadzabwera."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatulutsa kope lawo n'kundiuza kuti mfundo imeneyo ndiilembe ndekha, ikhale yoyamba mu lipoti lino.