Apongozi sanandipeze ndikumwa madzi a mphaka

Inu amene mukulengeza Mufakose yonse, dera lathu lino la mu Harare, kuti apongozi anandipeza ndikumwa madzi a mphaka, tamverani kaye. Kugwada ndinagwadadi, koma kumwa ayi.

Mphaka wa makilogalamu 4 amafunika madzi pafupifupi mamililita 200 patsiku, ndipo chakudya chouma cha m'thumba chimene wathu amadya chili ndi madzi ochepetsetsa. Akamamwa pang'ono mkodzo umamuvuta, makamaka akakhala wamphongo. Choncho amene mumati kasupe wamagetsi womwera mphaka wathu uja n'kuwononga madola, dziwani kuti ndi nkhani ya chipatala. Kasupeyu ndi beseni la malita 2, kapampu ka USB pansi, siponji yokola ubweya ndi fyuluta yamakala yosintha mwezi ndi mwezi.

Chovuta ndi madzi a pamjigo amene ambirife timadalira muno mu Harare. Amasiya zoyera zouma gwa pa kapulopela kamaginito ka m'kati mwa pampu, ndiye pampu imangolira osaponya madzi. Umasolola kapulopelako, n'kukanyika mu viniga wosakaniza theka ndi madzi kwa mphindi 30, n'kukwecha ndi mswachi wakutha. Kutsukuluza kukhale kwenikweni, chifukwa mphaka akamva fungo la viniga sayandikanso. Zonsezi ndinachita mwaukatswiri. Pulagi yokha sindinazule, poti magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. Munthu uzule chiyani?

Ndinabwezera pampu m'madzi, chivundikiro chili pambali, n'kuwerama kuti ndione ngati timiyendo take tamphira tagwira pansi. Magetsi n'kubwera. Kapampu kongotsukidwa kumene kali ndi mphamvu, abale. Madzi analowa mphuno yakumanzere mpaka kukatsuka maganizo a chaka chatha.

Chitseko n'kutseguka. Apongozi, thumba la mbatata za ku msika wa Mbare Musika lili pamutu.

Taganizirani: mkamwini ali chigwadire, manja pansi, ndevu zikudontha, lilime lili panja (ndimatulutsa lilime ndikamagwira ntchito yofuna nzeru, n'chibadwa). Mphaka ali phee pampando wanga, wapinda miyendo ngati bwana woyang'anira ntchito. Palibe anayankhula. Pampu yokha ikupitiriza kundithira m'khutu. Kudzuka sindikanatha, mkamwini saimirira pamaso pa apongozi. Ndinangoomba m'manja pomwepo, madzi akuthovoka m'zikhato.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Tayenda bwino, bambo. Pitirizani, musadzivute."

Anadutsa mwaulemu wonse, thumba osatula, mpaka kukhitchini. Kumeneko ndinamva akufunsa mwana wawo monong'ona, kunong'ona kofika kumsewu: "Kodi matambula anatha m'nyumba muno?"

Lamlungu anatitumizira matambula 6 atsopano.

Kasupeyo tsopano akuyenda bwinobwino, ndipo ndamuika kutali ndi mbale yachakudya, poti amphaka ambiri sakonda kumwera pamene akudyera. Mwiniwake akumwabe m'ndowa yakubafa.