Zaka khumi tikugaya ku Chinsapo, ufa wogwa pansi sitigulitsa

Mwezi uno chigayo chathu chakwanitsa zaka khumi. Ana anga akhala akundiumiriza kuti ndilembe mbiri yake, akuti anthu amangoona makina awiri ndi madengu atandandalika pakhomo, osadziwa komwe tachokera. Ndavomera, ndipo ndilemba monga momwe mtima wanga ukukumbukirira.

Tinatsegula mu 2015 ndi chigayo chimodzi chogula kwa munthu, m'kanyumba ka malata otuwa kufupi ndi msewu wopita ku Likuni. Bambo akunyumba anali atangopuma ntchito ku Kanengo, ndiye tinaphatikiza kandalama kawoko ndi kanga ka ku banki mkhonde. Zinakwanira makina ndi kukoketsa magetsi basi. Mipando tinalibe, ogayitsa ankakhala pa njerwa.

Tisanagaye ngakhale dengu limodzi, tinakangana za chitini. Amene amagayitsa amadziwa kuti mtengo umawerengedwa pa chitini, ndipo pali zigayo zina zomwe chitini chake anachiponda kunsi mwadala kuti chizidzaza msanga. Chimanga cha zitini zitatu chimasanduka cha zinayi, mayi n'kulipira osadziwa kuti wadyeredwa masuku pamutu. Munthu amene anatigulitsa makina anatipatsa chitini chotero ngati mphatso, n'kunena kuti phindu la chigayo lili m'menemo. Bambo anali ndi nkhawa ya ngongole, ndiye anati tichigwiritse ntchito miyezi yochepa chabe. Ine ndinawakumbutsa za pa Miyambo 11:1, pomwe timamva kuti muyeso wachinyengo umanyansa Yehova. Ndinati, "Bambo, Lamulungu tidzakhala nawo bwanji pa mgonero amayi omwe tawabera Loweruka?" Sanayankhe. M'mawa mwake ndinapeza chitini chija atachiboola, akudzalamo maluwa. Chomwe tinagula m'malo mwake ndi chomwe mumachiona mpaka lero, ndipo aliyense ali ndi ufulu wochitembenuza kuti aone kunsi kwake.

Chaka chotsatira, 2016, mvula inavuta ndipo boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Ndi chaka chimenecho pomwe ndinaphunzira kuti chigayo ndi malo amene njala imaonekera poyera. Munthu amene ankabwera ndi thumba amayamba kubwera ndi kabeseni. Wina amene ankakonoletsa mphale amati, "Ingogayani mgaiwa," chifukwa safuna kuti ngakhale deya achoke. Tsiku lina madzulo tikutseka, ndinaona agogo ena atagwada pakona, akukokolola ndi chikhatho ufa wogwa pansi n'kumathira pansonga ya chitenje. Atandiona ananjenjemera, nati, "Pepani mayi, ndimayesa ndi wotaya." Ndinawadzutsa n'kuwauza kuti, "Agogo, musagwade, dikirani ndikupatseni lichero." Anali ndi adzukulu atatu amasiye.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ufa wosesa uja tinkauphatikiza ndi madeya n'kugulitsa kwa oweta nkhumba. Ndinakumbukira lamulo la pa Levitiko 19, lakuti mwini munda asakolole mpaka m'mphepete ndipo asabwerere kukatola khunkha, azisiyira osauka ndi alendo. Rute ndi apongozi ake Naomi anapulumukira pa khunkha lomweli m'munda wa Boazi. Ife munda tilibe m'tauni muno, koma khunkha lathu ndi ufa umenewu. Kuyambira pamenepo tinaika simenti yosalala pansi pa makina, timayala lona woyera, ndipo ufa wogwera pamenepo timausefa bwinobwino n'kuusunga m'ndowa yotsekera. Sitigulitsa. Amene akuufuna amabwera titatseka, kukada, kuti anansi asawaone, ndipo sitifunsa kuti amapemphera kuti. Abale athu achisilamu alandirapo, osapemphera alandirapo. Ufa wa eni ake sitikhudza: timagogoda chitsulo chotsikira ufa chija mpaka wonse utatuluka, mwini wake akuona.

Pa mfundo yomweyi ndi pomwe mnyamata wathu wina anapunthwa. Ndinazindikira kuti akumazimitsa makina ufa usanathe, wotsalawo n'kumagulitsa mwamseri. Anthu anandiuza kuti ndimutengere kupolisi. Ine ndinamuitanira kuseri, tili awiri, monga amanenera Mateyu 18:15. Ndinati, "Mwanawe, wandichititsa manyazi pamaso pa amayi amene amandikhulupirira. Chavuta n'chiyani?" Analira. Mayi ake anali atagonekedwa kuchipatala ndipo iye ndi amene ankasamala azing'ono ake. Sindinamuchotse ntchito, komanso sindinabise mlandu. Tinayenda naye kwa amayi onse amene anawakumbukira, anapepesa ndi pakamwa pake, ndipo tinawagayira ulere kawirikawiri. Ndinamukwezeranso malipiro, chifukwa ndinaona kuti zomwe ndinkamupatsa zinali zochepa, ndipo pamenepo wolakwa ndinali ine. Lero ndi iye amasunga makiyi.

Chaka chomwe chinatigwetsa pansi ndi 2022. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, magetsi n'kuyamba kusowa m'dziko lonse. Tinkagona pachigayo kudikira kuti akayaka pakati pa usiku tigaye. Usiku wina anabwera ofooka, mota inangolira mwachilendo, fungo la waya wopsa n'kudzaza nyumba. Tikusakasaka ndalama, mu Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mtengo wa mota womwe anatiuza poyamba unasinthiratu. Banki mkhonde sinakwanitse. Ndinapita kwa wakatapila, chinthu chomwe ndinkaletsa anzanga. Kenako wamalonda wina m'tauni anatigulitsa mota akulumbira kuti ndi yatsopano. Inagwira ntchito masabata atatu. Amisiri atatsegula anapeza kuti ndi yakale, anangoikulunga mawaya n'kuipaka penti. Titabwerera ndi lisiti anatiuza kuti katundu akatuluka pakhomo sabwerera. Bambo inu, ngati mukuwerenga, ndinakukhululukirani, koma dziwani kuti mabanja asanu anagona ndi njala chifukwa cha penti yanu ija. Nanunso amene munkabwera mbandakucha kudzawerengera chiwongoladzanja pamaso pa ana anga, ndalama yanu ndinabweza yonse, koma umunthu sugulidwa.

Tinatseka miyezi iwiri. Wina wondifunira zabwino anandiuza kuti ndikatsegulanso ndisiye zachifundozi, ndipeze chitini chaching'ono, ufa wapansi ndizigulitsa mpaka ngongole ithe. Sindinama, usiku wina ndinakhala ndi cholembera kuwerengera kuti zingandipatse zingati. Bambo omwe aja amene kale ankafuna chitini chopondedwa ndi amene anandilanda pepalalo, nati, "Mayi, tinayamba ndi Yesu, tisamalize ndi nzeru zathu."

Thandizo linachokera komwe sindinkayembekezera. Amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ndi kandalama, akuti akulipiriratu zogayitsa za m'tsogolo. Nkhani itamveka, anabweranso amayi ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa, ena a mipingo ina, ena oti dzina lawo sindinkalidziwa n'komwe. Ndinalemba onse m'kope. Agogo aja a mu 2016 anatumiza mdzukulu wawo, tsopano ndi mnyamata wamkulu wa kabaza, ndipo ananyamula mota yakale ija kupita nayo kwa mmisiri wokhulupirika osalandira kanthu. Inakonzedwa, ndipo ikugwirabe ntchito. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako chilala cha 2024, tinagwedezeka koma sitinatseke, ndipo ndowa ya khunkha sinaume tsiku ndi limodzi lomwe.

Ndiye ndithokoze. Choyamba Mulungu, amene watisunga ndi zala zathu zonse pa ntchito ya malamba ndi zitsulo. Bambo akunyumba, zikomo chifukwa cha chitini munaboola chija ndi pepala munandilanda lija. Ana anga, amene munasiya masewera n'kumasefa ufa madzulo. Anyamata athu atatu, amene mumapita kwanu muli mbuu ngati mwagwa m'phulusa, koma simunakalipirepo nkhalamba yochedwa kumasula chitenje polipira. Abusa ndi akulu ampingo amene munabwera kudzapemphera m'chigayo chozizira, makina ali chete. Amayi a Chigwirizano, amayi a banki mkhonde amene munandipirira nditachedwa kubweza, mmisiri amene munatiuza zoona pomwe mukanatha kutidyera, alimi a ku Mitundu ndi ku Malingunde amene mumatikongoza chimanga pongokhulupirira mawu, anyamata a kabaza ndi a mawilibala, anansi amene mumapirira phokoso. Ndi inu nonse olembedwa m'kope lija: ndikulisungabe, ndipo masamba ake onse ndi odulidwa mzere, palibe amene tinatsala naye ngongole.

Pokondwerera zaka khumizi tagula makina atsopano okonolera, choncho mphale ndi mgaiwa zikuyendera pawiri ndipo mzere sukuchedwanso. Timagaya chimanga, mapira, chinangwa chouma bwino, komanso timasakaniza soya wokazinga ndi chimanga kwa amene akufuna ufa wa phala la ana. Madeya ndi anu. Mukafuna kutisiyira timakuchotserani pa mtengo. Amalesitilanti, masukulu ndi a zikwati kapena maliro, tiuzeni kudakali tsiku limodzi, tidzakutengerani ndi kukubweretserani m'madera a Chinsapo, Likuni ndi Chigwirizano. Mutha kulipira pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pa maliro a m'dera lathu thumba loyamba timagaya ulere, monga mwa nthawi zonse.

Timatsegula Lolemba mpaka Loweruka kuyambira 6 koloko m'mawa, timayamba ndi pemphero lalifupi ndipo amene wafika msanga ndi wolandiridwa kupemphera nafe. Lamulungu n'kotseka. Ngati mukudziwa banja limene likugona ndi njala, musalitchule pagulu, ingondinong'onezani mukabwera kudzagayitsa.