Thanki yanga ya nsomba yasanduka chithaphwi

Abale ndere zandikwana. Thanki yanga ya nsomba za madzi amchere yatha miyezi inayi tsopano, malita 200, ndipo chilakolako chake ndinachitenga ku uShaka Marine World, malo oonetserako zamoyo za mnyanja konkuno ku Durban, nditaona tima clownfish, tinsomba ta mizere yoyera, tikubisala mu anemone, kanyama ka mnyanja kooneka ngati duwa, ndinangoti basi zomwezi ndikuzifuna pabalaza panga.

Masabata awiri oyamba zinali bhobho, mchenga mbee, miyala yoyera, ine nkumajambula zithunzi kuponya pa WhatsApp. Sabata yachitatu ndikudzuka mmawa ndapeza chilichonse chili bulauni ngati munthu wawaza khofi, pagalasi, pamchenga, mpaka papampu. Mayi akunyumba anangoyang'ana nkuti, "Bambo a Tadala, ndalama zonse zija mwagulira chithaphwi?" Ndinasowa choyankha.

Zabulaunizo ndi ma diatom, mtundu wa ndere zing'onozing'ono, amadya mchere wina wotchedwa silicate yemwe amachokera mumchenga watsopano ndi madzi apampopi. Ndipo apa mpomwe ndinalakwitsa, ndimasungunula mchere ndi madzi apampopi poti ndimati ngati ife timamwa nde nsomba zingavutike chani. Ndinakagula kafyuluta ka RO/DI kochotsa zonse zosungunuka mmadzi apampopi, kamita ka TDS koyeza zosungunukazo kakuwerenga 0, mchere wa muthanki ndikuusunga pa 1.025 pa choyezera mchere, ndipo patatha masabata angapo bulauni uja anazimiririka yekha.

Ndisanapume nkomwe kunabwera zobiriwira zangati tsitsi zija, hair algae. Izi nde zamakani. Loweruka lililonse dzanja mmadzi mpaka mchigongono, mswachi wakale ndikupotokola ngati ndikukulunga ulusi, kwinaku paipi ikukoka zinyenyeswazo kupita mundowa, ndikasiya pang'ono zimakamera pena. Ndinakumbuka kwathu ku Nkhata Bay mbuna zimangokhalira kudomola ndere pamiyala tsiku lonse, koma nanga izo nza madzi opanda mchere, muno sizingakhale. Ndinagula nkhono mmalo mwake, ma trochus asanu ndi ma cerith angapo apamchenga. Zimayenda mwaulesi koma mmawa umaona kanjira koyera pamwala pomwe yadutsa usiku. Ma trochus ndimawakonda chifukwa akagwa chagada amadzitembenuza okha.

Kenako phuma linandipweteka. Poti phosphate ndi nitrate ndi zakudya za ndere mmadzimo, ndinathira mankhwala ochotsa phosphate ochuluka, kusintha madzi kawirikawiri, chakudya nkuchepetsa, mpaka nitrate 0 phosphate 0, ine nkumadzitama. Osadziwa kuti ndaitana ma dinoflagellate, mtundu winanso wa ndere, zonanda ngati mamina zokhala ndi timathovu ta mpweya pamwamba, madzulo magetsi a thanki atayaka tsiku lonse zimachuluka, mmawa zachepa. Nkhono ziwiri zinafa sabata imeneyo ndipo kakorali kanga kamodzi (coral, kamoyo ka mnyanja kokhala pamwala) kanafinyaa osatsegukanso masiku asanu. Thanki ikakhala yoyera mopitirira, tizilombo tabwino tomwe timalimbana ndi ma dinoflagellate timafa ndi njala, izo nkupeza malo.

Pano mankhwala aja ndinachotsa, nsomba ndikudyetsa bwino kamodzi patsiku, nitrate ali cha mma 5 mpaka 10, phosphate cha pa 0.05, magetsi maola 8 basi osati 12 ngati kale. Madzi ndikusintha malita 20 pa sabata. Ndere zikadalipo kuseri kwa mwala waukulu kumene mswachi sufika, ndangozisiya kaye. Dzulo Tadala anakhala theka la ola mphuno itagunda galasi akuti akufuna aone maso a nkhono, mpaka anawaonadi, nde galasi lakunja ndi lomwe ndikupukuta tsopano.