Mphwanga wasankhidwa, akaphunzira mapulani a mizinda

Mphwanga wasankhidwa kukachita digiri ya mapulani a mizinda ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre. Azakhali akuti bola unamwino, ntchito siivuta. Ine ndiye ndakondwa kwabasi!

Azakhali, tapitani ku Chikanda kapena ku Mpondabwino kuno ku Zomba mvula ikagwa. Nyumba zothinana, ngalande zodzaza majumbo, madzi mpaka pakhonde. Nyansi zonsezo zimatsikira mu Likangala n'kukathera ku Chilwa, komwe kumachokera matemba timadyawa. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma anthu sanasiye kubwera kuno, aliyense akufuna kapuloti kake.

Akaphunzira mamapu, GIS (njira yopangira ndi kusanthula mapu pakompyuta) ndi malamulo a malo. Akamaliza abwerere kuno ku Zomba, adzatiuze pomanga ndi posamanga, makamaka m'mphepete mwa mitsinjemu.